Shopu yanga ya pamwamba pa siteji

Ndinanyamuka ku Chibavi m'mamawa, kamvula kowaza kakugwa, chikwangwani changa chokonza mafoni chili m'khwapa. Benchi yanga ya pamsika ndinali nditamusiyira kale mnzanga dzulo lake, ndiye zobwerera panalibe. Kupanda kupeza malo tsiku limenelo, mafoni ndikanamakonzera pabedi.

Vuto ndi mavidiyo, aise! Ndinkaonera pafoni mizinda yakunja: pansi sitima, pamwamba mashopu, pamwamba pakenso nyumba zogona, dera lomwe linali lauve kusanduka loti udzijambulirepo. Ndiye nditamva kuti mdala wina, a Nyirenda, akumanga nyumba yosanja pamwamba pa siteji ya maminibasi m'tauni, ndipo malo alipo, ndinati basi, Mzuzu yadzuka!

Wa kabaza ya moto anati inuyo sauzande, chikwangwani faivi handiredi. Ndinakwera. Chinthucho chinkakola mphepo ngati chitseko.

"Adada, gwirani chibodi icho," anakuwa, "tingauluke tikatere ku Masasa!"

Ndinamufotokozera pulani yonse m'khutu, mpaka za sitima. Anangoti, "Pachanya, pamwamba penipeni? Munthu foni yamufera, akwerenso masitepe? Yewo."

Nditangotsika pasiteji, oitanira anandizinga. "Nkhata Bay! Watsala mmodzi!" Wina analanda chikwangwani kuti akalonge.

"Iwe, ine ndikupita pamwamba!"

"Pamwamba ndi pa katundu, man, inu mukhala m'kati."

Ndinachilanditsa, n'kukakhala pa kabenchi ka tiyi. Mandasi awiri, tiyi wotentha woti lilime lisiye kulankhula. Langa silinasiye.

Dzuwa litayesa kutuluka, a Nyirenda anafika, jekete ndi ambulera. "Mwawuka uli, mwana wane? Ndiwe wa mafoni uja? Tiye." Tinazungulira kuseri. Masitepe anathera pakati, kotsalako makwerero a milimo. Ndinakwera chikwangwani chili kumsana.

Pamwambapo, abale! Simenti yokhayokha, madzi ali thapsa, zitsulo zitaloza kumwamba ngati zikupemphera.

"Adada, shopu ili kuti?"

"Waimamo," anatero akuloza ndi ambulera. "Apa khomo, apa windo. Yabwino chomene. Renti yako ndi imene igule njerwa."

Koma kuona kokha, ndinaona. Siteji yonse ili poyera: anyamata okhala m'minibasi monamizira kuti yadzaza akutsika iyi n'kukadzaza inayo, azimayi a nthochi akuthawa matope. Kenako mvula inabwerera, ndipo a Nyirenda ambulera yawo inali ya munthu mmodzi.

Potsika ndinabisala pansi pa masitepe aja. Pouma! Pakhoma pali soketi! Ndisanapukute nkhope, mayi wina wa chikwama anasuzumira, n'kuwerenga chikwangwani.

"Achimwene, mumatchaja? Foni yazima, mwana wanga akundidikira ku Nkhata Bay."

Ndinayang'ana a Nyirenda. Iwo anayang'ana soketi.

"Apa n'posungira mawilibala," anatero.

"Mawilibala akwere pachanya, adada. Sadwala chimfine."

Anaseka mpaka ambulera inagwa, tinagwirana chanza. Foni ya mayi ija inayaka ndili chowerama, chifukwa pansi pa masitepe munthu suima chilili; nditayesa, mutu unagunda simenti.

Ndiye ndi mmene ndinayendera. Ndaphunzira kuti mavidiyo aja amakuonetsa nyumba itatha, sakuonetsa amene anayamba kugundamo mutu. Ine ndagunda kale. Nsanjika ya Mzuzu yatsopano ikadzatha, mudzakumbukire kuti inayamba itatsamira pamutu panga.