Chotupa cha M'khwapa ndi Chigoba cha Mchere

Amuna anga anayamba kutsokomola mwana wathu ali ndi miyezi inayi. Tonse tinali aphunzitsi pasukulu ina ya mishoni kumapiri a Ntchisi, ine nditangochoka kumene kukoleji. Chifuwa chinali chouma, kenaka m'khosi munatuluka timibulu ngati nandolo. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, nawabaya jakisoni miyezi iwiri. Sizinasinthe.

Apongozi anga anabwera kuchokera ku Chisepo kudzadwazika mwana wawo. Tsiku lachiwiri anandilanda chigoba cha mchere.

"Mayi a mwana, m'ndiwo ndizithira ndine. Munthu wotsokomola, wotupa, woonda chonchi, kwathu timati tsempho. Kaya munathira mchere musanayere, kaya ndi zina, mukudziwa ndinu."

"Amayi, matenda amabwera ndi tizilombo. Tinaphunzira."

"Nanga jakisoni wa ophunzirawo wachiza?"

Ndivomere, ndi satifiketi yanga yomweyo ndinayamba kufufuza m'mutu tsiku limene ndinalakwa.

Ku Lilongwe adokotala anadula kam'bulu kamodzi nakatumiza ku Blantyre. Yankho litabwera anati, "Si chifuwa chachikulu. Dzina lake ndi sakoidosisi. Sapatsirana, sabwera ndi chakudya, ndipo palibe amene anawalakwira." Ndinawapempha abwereze apongozi akumva. Anatipatsa mapiritsi, chifuwa chinaleka, timibulu tinaphwa. Apongozi anandibwezera chigoba chija, ati mawondo awo atopa ndi khitchini yanga.

Tsiku lina ndikuwapukuta amuna anga atasamba, chala changa chinagunda chotupa m'khwapa. Chinali cholimba ngati gwafa wosapsa, chosasuntha. Za m'khosi zija zinali zofewa. Iwo anati, "Ndi zomwe zija, zipita." M'mawa uliwonse ndinkayanika nsalu zogonera zitanyowa ndi thukuta lawo.

Ndinakhala chete masabata atatu. Ndinkadziwa kuti ichi ndi china, koma dzina lija linali litandiyeretsa. Ndikanati matenda atsala, chigoba chikanabwerera kwa apongozi, ndi maso aja ondiyang'ana ngati mkazi woyendayenda. Ndinasankha ulemu wanga. Palibe njira yokoma yonenera zimenezi.

Chinandidzutsa ndi lamba. Ndinawapeza amuna anga akuboola bowo lina ndi msomali, munthu amene amati akuchira. Ndinabereka mwana, ndinaika m'chikwama makadi achipani amene ankafunsa pokwera basi, tonse ulendo wa ku Lilongwe. Basi inatitimira kawiri tisanafike pa Mponela.

"Matenda tinawapeza kale, mayi," anatero adokotala.

"Munapeza a m'khosi. Tagwirani apa."

"Aphunzitsi mwayamba udokotala?" Anaseka, nagwira. Kuseka kunathera pomwepo.

Anadulanso. Yankho lachiwiri linali limfoma, khansa ya m'mianabele. Anatifotokozera kuti matenda awiriwa amafanana, ndipo nthawi zina amakhala m'thupi limodzi, ena kubisala kumbuyo kwa anzake. Mapiritsi aja anali atawaphimbanso pang'ono.

"Chotupachi munachiona liti?" anandifunsa adokotala.

Apongozi anali pambali panga, mwana ali pamiyendo pawo. Ndikanatha kunama.

"Masabata atatu tisanabwere. Ndinkaopa kunenedwa."

Adokotala anangolemba. Apongozi anawerama n'kumakonza chipewa cha mwana chimene chinali bwinobwino.

Tsopano amuna anga amapita ku Blantyre kukalandira mankhwala a m'mitsempha. Tsitsi lathothoka, ana a sukulu akuwatcha dzina limene ndimanamizira kuti sindinalimve. Chotupa chachepa. Ndimachigwira m'mawa uliwonse, ndimagwiranso m'khosi ndi mbali inayo, ndipo chilichonse chimene ndapeza ndimanena tsiku lomwelo. Mantha alipo, koma sanditsekanso pakamwa.

Titabwera ndi dzina lachiwirilo, ndinaphika nkhwani. Apongozi anatambasula dzanja kuti atenge chigoba. Ndinachigwira.

"Amayi, ndithira ndine."

Anandiyang'ana, kenaka anabweza dzanja.

"Basi musachulutse. Adokotala anu aja analetsa."