Mmawa Umene Anandipeza Padenga

Zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa, fakitale yathu ku Kafue inayamba kuchotsa anthu m'magulumagulu, ndipo ine ndinagwa m'gulu lachiwiri. Ntchito yanga inali yojambula mapulani. Pochoka ndinagula makina akale oyezera malo amene ofesi inkafuna kutaya, aja a miyendo itatu, okhala ndi kagalasi koonera patali pamwamba pake. Anzanga anandiseka kuti munthu wanzeru akanagula firiji n'kumagulitsa madzi oundana. Ine ndinangokokera thebulo pawindo la pabalaza m'nyumba yathu ku Esiteti, n'kuyamba kujambulira anthu mapulani a nyumba, timashopu ndi makola a nkhuku. Wina akapeza puloti ku Shimabala, ndinkanyamula makina aja paphewa kukamukhomera zikhomo za maziko.

Ntchito ya panyumba anthu a pa Kafue sankaiwerengera. Kwa iwo mwamuna wa ntchito ndi amene amatuluka mmawa sairini ikalira, n'kubwera madzulo akununkha girizi. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe ankandiponyera mawu pa mpanda akuyanika zovala: "Ba neba, mukali pa holide?" Mwamuna wake anachotsedwa nane tsiku limodzi, ndipo ankaswera pansi pa mtengo wa mango kusewera nsolo. Kwawo poto ankagona chozondoka masiku ena, kwathu moto sunazime. Ndinkaona kuti zimawawawa, koma ndikanatani, ndikanaleka kudya?

Chaka chachiwiri mkazi wanga anadwala chifuwa. Tinayenda naye kulikonse, mpaka ku Lusaka, koma anangofota tikuona, n'kutisiya. Ndinatsala ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi, atangomaliza sukulu. Maliro atatha iye analowa m'kagulu ka achinyamata opemphera, kamene kankasonkhana m'kalasi ina ku Nangongwe. Sindinamuletse. Tonse tinkafuna pogwira, ndipo m'nyumba muja munali zii moti tinkamvana kutafuna.

Pogwira panga ndinapapeza mwangozi. Madzulo ena nditabwera kopima puloti, ndisanalowetse makina m'nyumba, ndinaona mwezi uli pamwamba pa mapiri ndipo ndinangoti ndiulozetse kagalasi. Ndinaona maenje, ndinaona mapiri okhala ndi mithunzi yake. Ndinaima pamenepo mpaka ndiwo zinapserera. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunafuna nyenyezi zimene atate anga ankandilozera ndili mwana, tikukhala m'nyumba za njanji, Nsangwe ndi Akamwiniatsatana. Pa ola limenelo lokha ndi pamene ndinkaiwala kutsokomola kwa mkazi wanga.

Koma kumwamba kwa Kafue kunali kwauve. Fakitale ina imene inali ikupumabe inkayatsa magetsi ake aakulu, thambo n'kufiirira ngati madzi otsukira mbale. Akuba atachuluka, nyumba iliyonse inapachika babu panja. Mlalang'amba ndinaufuna mpaka khosi kuwawa, sindinauone ndi kamodzi komwe. Ndinamasula babu langa, nyumba yanga n'kukhala yokhayo yamdima pamzere wonse. Babu la ba neba linapitiriza kundilasa m'maso, choncho ndinayamba kukwera pa kanyumba kosungiramo katundu kamene ndinamanga kuseri, ka denga lafulati la konkire. Pamwamba apo mababu ankatsala kunsi kwa mapazi.

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kokanika nako kugona. Ndinadzuka mbandakucha kuti ndione nthanda, chifukwa ndinali nditazindikira kuti m'kagalasi muja siyozungulira, imaoneka ngati kamwezi katsopano, kakang'ono zedi. Ndinakwera ndi kabudula yekha, wopanda malaya, wopanda nsapato. Ndinatengeka nako kamwezi kaja moti kunayera ndisakudziwa. Ba neba anatuluka ndi tsache, anakweza maso, tsache n'kugwa.

Kuno aliyense amadziwa, ngakhale mwana wa mkaka, kuti mfiti ikachedwa paulendo ndeke yake imagwera padenga la munthu, ndipo kukacha amaipeza ili pamenepo yosavala. Ine ndinazidziwa zimenezo moyo wanga wonse, koma sindinaganizepo kuti ndi mmene ndikuonekera. Posakhalitsa mpanda wanga unadzaza mitu. Ena anali pa ulendo wokakwera minibasi, ena anali azimayi opita kukagula nsomba kumtsinje, ndipo onse anaiwala kumene ankapita.

Munthu wofatsa akanatsika n'kufotokoza. Ine si munthu wofatsa. Ndinawafunsa ngati denga limenelo anandithandiza kumanga. Ndinawauza kuti amene ali ndi maso akwere adzaone yekha, amene alibe apite akasambe. Palibe anakwera, ndipo ngakhale akanakwera, dzuwa linali litaimeza kale nthanda ija. Ndikutsika ndi makina paphewa, ndinaona mwana wanga ataima pakhomo la kukhitchini, atagwira chitenje pakamwa.

Masiku amenewo nkhani za satana zinali pakamwa pa aliyense, m'minibasi, pamsika, paliponse. Anthu anangolumikiza zimene ankaona. Munthuyu sapita ku ntchito koma amadya. Nyumba yake imakhala mumdima. Ali ndi chitsulo cholankhulira ndi kumwamba. Nanga mkazi wake anafa bwanji? Obweretsa ntchito anayamba kuchepa. Bambo wina anabwera kudzatenga pulani yake ndipo anaigwira ndi zala ziwiri. Zonsezo ndikanazipirira. Chimene chinkandidya n'chakuti mwana wanga analeka kudya chakudya chimene ndagula, ndipo ndikalowa m'chipinda iye ankatuluka.

Tsiku lina masana ndikujambula, mwana wanga anabwera n'kuima kutsogolo kwa thebulo. 

"Atate, nifuna kukufunsani chinthu chimodzi chabe."

"Funsa."

"Amama munawapereka?"

Yankho linali liwu limodzi, ayi. Ndikanangolinena, n'kumugwira dzanja, n'kulira naye. Koma mtima unandikwera. Ine amene ndinkamubereka kumsana mayi wake popita naye kuchimbudzi, ine amene ndinkachapa nsalu zake zamagazi, mwana wobala ndekha andifunse zimenezo? Ndinamenya thebulo, mapensulo n'kugwera pansi, ndipo ndinamuuza kuti funso lachipongwe ngati limenelo sindiyankha.  Madzulo ake analongedza zovala m'chikwama n'kupita kukakhala kwa mnzake wa ku mapemphero ku Nangongwe.

Ndinadikira kuti mkwiyo wake uphwe. Panapita sabata, panapita mwezi. Padenga sindinakwerenso, ngakhale pensulo inkandilemera. Pomaliza ndinameza kunyada kwanga n'kumulondola. Sanatuluke kudzandiona. Amene anatuluka anali mtsogoleri wa kagulu kawo, mnyamata amene ndinkamudziwa ku fakitale, nayenso wochotsedwa. Sanali munthu woipa, ndipo anandipatsa ulemu wonse. Anati mwanayo ali ndi mantha, sangabwerere m'nyumba mmene muli chinthu chija. Ngati ndikumufuna, ndibwere nacho Lamulungu, achiwononge pamaso pa onse, nkhani ithe.

Pobwerera ndinaganiza ngati munthu wa mapulani. Ichi n'chitsulo chabe ndi galasi, maziko ndingathe kupima ndi chingwe ndi kapaipi ka madzi. Mwana ndi mmodzi. Ndipo ndinadziuza kuti akaona ndikuchipereka mosavuta, adzazindikira kuti munalibe kanthu mmenemo, chifukwa mfiti yeniyeni siingapereke chida chake. Pamenepo ndi pamene ndinaphonya. Ndinali ndisanakhalepo m'mapemphero awo, ndipo sindinkadziwa kuti kumeneko munthu amene wabweretsa chinthu kuti chiotchedwe ndiye kuti wavomera.

Lamulungu ndinavala jekete, ndinapukuta makina aja monga ndinkachitira nthawi zonse, n'kuyenda nawo wapansi mpaka ku Nangongwe. Anawaika pabwalo kuseri kwa kalasi. Wina anaswa kagalasi ndi hamala, miyendo ya matabwa ija anaithira palafini n'kuyatsa. Anandigwaditsa pafumbi, manja ambiri n'kundigwira pamutu, aliyense akupemphera mokweza zakezake. Ndinapirira, maso anga akufunafuna mwana wanga pakati pa miyendo ya anthu.

Tinalowa m'kalasi, ndipo nthawi ya maumboni itakwana iye anaimirira. Anali atawonda. Anathokoza Mulungu kuti atate ake amasulidwa. Kenako anatembenukira kwa ine, misozi ili chuchuchu, n'kunena pamaso pa anthu onse aja: "Atate, za amama nakukhululukirani."

Ndinatsegula pakamwa. Anthu anali atayamba kale kuomba m'manja, nyimbo inali itabuka, ndipo iye anali atandikumbatira, nkhope yake ili pachifuwa panga. Kuyambira pa maliro anali asanandikhudzepo. Ndikanati ayi pamenepo, akanandisiya, ndipo ndinkadziwa kuti ulendo uno sakanabweranso. Ndinatseka pakamwa panga n'kumugwira.

Anabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Anasesa, anaphika, tinadya mbale imodzi. Ba neba anayambanso kundipatsa moni, ntchito zinayamba kubwera pang'onopang'ono, anthu akuti bamboyu tsopano ndi wopulumuka. Patapita miyezi ndinayesa kamodzi kuikonza nkhaniyo, tikusenda mbatata pakhonde. Ndinayamba ndi kumukumbutsa za chipatala, za mankhwala, za zimene adokotala anatiuza. Anandigwira pabondo mwachifundo.

"Atate, osazivutitsa. Zinakhululukidwa, osazibweza."

Lero ndi mayi wa ana atatu, ndipo palibe mwana amene amasamala kholo kuposa iye. Amandichapira, amanditengera kuchipatala, sanandinenepo liwu loipa. Tsiku lina mwana wake wamkulu anafunsa ndili pomwepo kuti ambuye aakazi anafa ndi chiyani. Ndinadikira kuti mayi ake anene kuti chifuwa. Iye anandiyang'ana kamodzi, anayang'ana pansi, n'kumuuza mwanayo kuti apite akatunge madzi.