Fulashi Yomwe Ndidafufuta

Ndidagwira ntchito zaka zingapo m'laibulale ya koleji ina yaing'ono yophunzitsa azaumoyo, kuno kuchigwa. Kunena kuti laibulale ndikungoipatsa ulemu. Chidali chipinda chimodzi chamalata, chotentha ngati chiwaya, chokhala ndi mabuku omwe chiswe chidawawerenga kuposa ophunzira, makompyuta asanu, ndi kasola kokwana kuyatsa kompyuta imodzi magetsi akathima. Chuma chathu chenicheni chidali pa intaneti. Likulu la koleji, lomwe lili kumtunda, lidagwirizana ndi kampani ina yakunja kuti tiziwerenga magazini a kafukufuku wa zaumoyo. Ine adangonditumizira imelo ya mizere iwiri, ya dzina lolowera ndi pasiwedi. Pangano lenileni, lomwe amati laisensi, lidatsala m'kabati ya abwana kulikuluko. Sindinkadziwa n'komwe kuti liliko.

Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti dzinja likamayandikira sukhala manja lende. Mapira umakweza pamwamba, mbuzi umasamutsira kokwera, ziphaso umakulunga m'pulasitiki. Madzi akabwera mapolo a magetsi amagwa, netiweki imazima, msewu umaduka, ndipo palibe angakuuze kuti zibwerera liti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Choncho m'mwezi wa Novembala ndidagula fulashi yaikulu n'kuyamba kututa. Magetsi akangoyaka ndinkadawuniloda magazini athunthu, a malungo, a kolera, a likodzo, a uchembere, osasiya tsamba. Ndinkadzitama nazo mumtima, kumaganiza kuti akulikulu akadzamva adzandiombera m'manja pamsonkhano.

Amene ndinkawaganizira kwambiri adali mayi ena a kwa Malemia, ophunzira a chaka chomaliza. Adali achikulire kale, a ana atatu, ndipo adayenda zaka zambiri panjinga kupereka katemera m'midzi asadapeze mwayi wobwerera m'kalasi. Ankalemba kafukufuku wa likodzo pakati pa ana a asodzi. Adayenera kupereka pokutha pa Febuluwale, apo ayi maphunziro onse agwera m'madzi, poti kuntchito kwawo adawauziratu kuti tchuthi sachionjezera ngakhale sabata. Kompyuta ankaiopa. Ankadina ndi chala chimodzi ngati akuyesa mbatata pamoto, n'kumakopera zonse m'kope pang'onopang'ono.

"Mayi, musadzivutitse ndi kukopera," ndidawauza tsiku lina. "Zonse mukufunazi ndasunga kale. Madzi abwere asabwere, mudzawerenga muli phee."

"Takhuta, baba," adathokoza m'Chisena, n'kutseka kope. Adapita kumadoko kukafunsa asodzi mafunso awo, kuwerenga n'kukusiyira Januwale.

Kumayambiriro kwa Disembala ndidalowetsa pasiwedi monga mwa masiku onse, kompyuta n'kukana. Ndidayesa kanayi, ndikunyoza netiweki yosalakwa. Patapita masiku awiri abwana a laibulale adatsika kuchokera kulikulu, atanyamula chimpukutu cha mapepala. Adakhala pansi akudzipepeza, nkhope ili gwa, n'kundilozera ndime ina ya zilembo zing'onozing'ono. Kudawuniloda magazini athunthu n'kuwasunga kudali koletsedwa. Makina a kampani ija adaona zomwe ndinkachita, ndipo adatsekera koleji yonse, ndi likulu lomwe.

"Bambo, uku ndi kuba," adatero abwana.

"Ndaba bwanji, bwana, m'nyumba yomwe kiyi wake mudandipatsa nokha?"

"Mukadafunsa."

"Ndifunse za pepala lomwe ndikuliona lero?"

Mtima udandipsa. Zaka zonsezi munthuyu adakhalira pepalalo ngati nkhuku pamazira, osatiuza ngakhale mawu atatu, koma tsiku la mlandu ndiye adalipeza msanga. Ndidawafotokozera za madzi, za magetsi, za ophunzira omwe akudalira fulashiyo. Adati kampaniyo sidziwa za madzi. Sidziwadi, nanga akadaiuza ndani? Iwo amene adasaina panganolo kuno amangofikako m'chilimwe, galimoto osaizimitsa n'komwe.

Adati kampani itsegulanso ikalandira kalata yotsimikiza kuti zonse zafufutidwa, ndipo zitenga masiku ochepa chabe. Adaonjeza kuti ntchito yanga ili pa ulusi. Atatero adaimirira, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti afuna akwere mapiri dzuwa lisadapendeke. "Fufutani, mundiimbire," adatero ali kale pakhomo.

Ndidatsala ndekha ndi fulashi m'manja. Padalibe wondiyang'anira. Ndikadatha kupatula zalikodzo zokha, kuzisunga masabata ochepa, dziko silikadagwedezeka. Ndidaziganiza ndithu, sindinama. Koma mawu oti kuba aja adandilowa m'mafupa, ndidaganiza za ana anga, ndipo mantha adapambana. Ndidafufuta zonse, n'kuimba foni ngati mwana wabwino. Ndidadzitonthoza kuti mayi aja akamadzabwera, kampani idzakhala itatitsegulira. Nchifukwa chake sindidawaimbire kuwachenjeza, ndiponso manyazi adali atandigwira.

Masiku ochepa aja adasanduka mwezi. Kulikulu adatseka maofesi kupita kutchuthi cha Khirisimasi, kalata ili patebulo. Kenako mvula idatsika, mitsinje idadzaza, magetsi ndi netiweki zidapita monga ndidanenera. Kulondola kwangako sikudandithandize kanthu.

Mayi aja adafika chakumapeto kwa Januwale, matope mpaka m'mawondo, mapepala a mayankho a asodzi ali m'pulasitiki pamutu. Kwina adaoloka pabwato, kwina adayenda pansi. Adakhala pakompyuta ya sola ija akumwetulira, n'kundiuza kuti ndilumikize fulashi. Ndidaima pambali pawo n'kufotokoza za laisensi, za kampani, za abwana. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikulankhula ngati abwana omwewo.

"Pyonsene, baba?" adafunsa.

"Zonse, mayi."

Adayang'ana zala zawo. "Nanga pofufutapo, adaimirira pompano abwanawo?"

"Ayi. Adali atapita."

"Adakuonani ndani tsono?"

"Palibe."

Sadakalipe. Bwenzi atakalipa, mwina ndikadapepukidwa. Adangogwedeza mutu, n'kundifunsa ngati m'mashelefu muli buku lililonse la likodzo. Lidalipo limodzi, lakalekale, masamba apakati atadyedwa. Adalimbana nalo masabata atatu. Aphunzitsi adabweza ntchito yawo, ati ilibe maumboni okwanira a kafukufuku watsopano.

Kampani idatitsegulira mu Epulo. Sabata yomweyo abwana adanditumizira malamulo a laisensi, tsamba limodzi lokha, lomveka bwino, ati ndimasulire m'Chichewa ndi m'Chisena n'kumata pachitseko. Ntchito yake idanditengera theka la ola. Ndikamaliona tsambalo ndimapsabe mtima mpaka lero, chifukwa likadabwera limodzi ndi pasiwedi sindikadalemba nkhani ino. Ndidamvanso kuti pamisonkhano yawo amanditchula ngati chitsanzo cha antchito osasamala.

Anzawo a mayi aja adavala mikanjo ya omaliza maphunziro n'kujambulitsa. Mayiwo adabwerera kunjinga yawo ndi bokosi la katemera, pa udindo womwe adausiya. Tikakumana pamsewu amatsika panjinga n'kundipatsa moni waulemu, kufunsa za ana. Ine ntchito yanga ndidaisunga.