Inki Yobiriwira ya a Onesimo

A Onesimo anabwera ku Blantyre kuchokera ku Nsanje ali mnyamata, nagwira ukalaliki pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Makata mpaka imvi. Anali munthu wa mawu ochepa. M'thumba la shati yawo munkakhala khadi la chipani ndi peni yothira inki, basi. Poona dzanja lawo labwino, akhristu a ku Zingwangwa anawapatsa buku la mayina a akufa, limene linkakhala chitsegulire pafupi ndi guwa mwezi wonse wa Novembala. Mayinawo ankawalemba ndi inki yakuda.

Chaka cha 1976 anawapeza pakhonde mayi Petronela, wamasiye wogulitsa nthochi. Mwana wawo Alfred anali atatengedwa pagalimoto ndi anthu osadziwika. Masiku amenewo munthu akatengedwa, ngakhale dzina lake silinkatchulidwa.

"Mundilembere mwana wanga, Bambo, alowe nawo m'mapemphero."

"Mayi, bukuli ndi la akufa."

"Nanga la amoyo osaoneka lili kuti? Ndiuzeni, ndipite."

Kulemba Alfred ndi inki yakuda kunali kumuika m'manda. Kumusiya kunali kumutaya. Loweruka a Onesimo anakagula kabotolo ka inki yobiriwira ku Limbe, nayamba kuiyesa. Pa nyuzipepala inkafalikira, zilembo n'kumera timiyendo ngati bongololo. Pa kope la ana asukulu inkaonekera kuseri. Pa pepala lolimba la bukulo inakhazikika bwino: ikadali yonyowa inkadera, ikauma inkabiriwira ngati tsamba la mpiru. Koma kapepala kamene anakasiya pawindo kanatuwa isanathe milungu iwiri. Iwo anati nkwabwino, maso a akazitape sadzaima pamenepo. Analemba m'munsi mwa tsamba lomaliza: Alfred. Dzina la bambo wake analisiya.

Dzuwa la pawindo la tchalitchi linachita zomwezo. Lamlungu lachiwiri mayi Petronela anawagwira mkono, manja ali zii.

"Akufooka, Bambo. Taonani mmene watuwira. Sakumupatsa chakudya kumeneko."

"Ndi inki chabe, Mayi. Imaopa dzuwa."

"Inu mukuti inki. Mubwerezeni."

Anabwereza, nsonga ya peni ikutsata m'mapazi mwa zilembo zakale. Sabata yotsatira anabwerezanso. Novembala aliyense zinali choncho, ndipo pang'ono ndi pang'ono a Onesimo nawonso anayamba kuopa kutuwako. Ankadzera kutchalitchi popita kuntchito, kukaona ngati mnyamatayo wadzuka bwanji.

Chaka chachisanu ndi chimodzi pepala linatopa. Atangotsitsa peni, nsonga inaboola, ndipo pakati pa dzinalo panatsala bowo. Mayi Petronela anayang'ana nthawi yaitali, osagwetsa msozi.

"Tembenuzani tsamba, Bambo. Tengani yakuda ija."

"Mayi, sitinamve uthenga uliwonse."

"Ndaumva ine."

Anamvera, nalemba. Lamlungu limenelo dzina la Alfred linawerengedwa mokweza pamodzi ndi mayina a akufa, anthu ali chiweramire, wina osayang'ana mnzake.

A Onesimo anabweza bukulo chaka chomwecho, ati maso akuvuta. Alfred sanabwere, mtembo wakenso sunaoneke. Mpaka tsiku limene anatsikira kuli chete, mkuluyo akamva kugogoda pachitseko ankayamba wabisa kumbuyo dzanja lamanja lija linalemba Alfred ndi inki yakuda, kenako n'kufunsa kuti ndani.