Mwana amene sindinamulembe pa viza

Ku Perth kuno, ku Australia, anthu amandidziwa ngati mtsikana. Kutchalitchi ndimakhala kumbali ya achinyamata, ndipo azimayi akamakamba za uchembere amatsitsa mawu ndikamadutsa. Koma ine ndili ndi mwana. Ndi wamkazi, ali ku Lilongwe, ndipo kuno amene akudziwa ndi munthu mmodzi yekha. Boma la dziko lino limadziwa kuti ndilibe mwana, chifukwa ndinaliuza choncho ndine.

Zinayamba ndi foni ya anti. Si abale anga enieni, anali mnzawo wa malemu mayi anga, ndipo ndi namwino kuchipatala chachikulu cha ku Nedlands. Nthawi imeneyo ndinali ndi satifiketi ya zosamalira ana, ntchito ndilibe, bambo wa mwana atalowera ku Joni osamvekanso. Anti anati andipezera koleji, ndizikakhala kwawo ku Morley.

"Koma umvetsetse," anatero. "Boma lachepetsa ana asukulu ochokera kunja. Koleji iliyonse aipatsa malo owerengeka, ndiye akusankha anthu ngati matimati pamsika. Akangoona kuti uli ndi kamwana kumsana, akuika pambali. Pofunsa za ana paja ulembe kuti ulibe. Ukakhazikika udzakatenga."

Ndinafunsa ngati limenelo silinali bodza. Achemwali anga, amene ankandisunga ku Kawale, anaseka mpaka kuwomba m'manja.

"Bodza lake liti? Mwana wa mng'ono wanga si wanga? Kwathu kuno mwana amakhala ndi mayi mmodzi?"

Zinamveka. Inenso ndinakula ndikuitana akulu awo a mayi anga kuti amayi. Ndinalemba kuti ndilibe.

Viza itatuluka, mwana anali akuyamwabe. Achemwali anati timuletse msanga asadzavutitse ine nditapita. Anasinja tsabola m'kambale n'kundipaka kumawere. Mwana anabwera akudzandira, akuseka, n'kukweza yekha bulauzi yanga monga ankachitira. Anayamwa kamodzi, n'kusiya. Sanalire nthawi yomweyo ayi. Anayamba wandiyang'ana kumaso, pakamwa pali yasa. Kenako anakuwa, n'kuthawira m'miyendo mwa achemwali.

"Waona?" anatero achemwali akumunyamula. "Wadziwa kale kothawira."

Mkaka sunaume msanga. Tsiku lina ndili pamalo okwerera mabasi ku Morley, khanda la mzungu linalira m'kangolo kake, ndipo ndinangomva kutsogolo kwanyowa. Ndinakumbatira chikwama pachifuwa mpaka kukoleji. Nditawauza anti, anatsegula furiji, n'kuthyola masamba a kabichi ozizira kuti ndiziika m'kamisolo.

"Zimenezi zithere m'nyumba muno," anatero. "Amalawi a kuno pakamwa sipatseka. Wina akangokuneneza, basi ndege."

Maphunziro anga anali omwe aja a zosamalira ana, ndipo ananditumiza kukaphunzira ntchito kunasale ina ku Rockingham. Ndinkakwera sitima m'mawa kukasintha matewera a ana a eni ake, kuwadyetsa, kuwagoneka. Mayi wina, mwamuna wake amakhala kumigodi, anandipeza nditamutonthoza mwana wake amene analira tsiku lonse. Anandigwira paphewa n'kunena kuti tsiku lina ndidzakhala mayi wabwino kwambiri. Ndinathokoza. Ndinamwetuliranso.

Nditaona kuti ndazolowera, ndinapita kwa mlangizi wa ophunzira akunja pakoleji pathu, mayi wachizungu wolankhula mofatsa. Ndinati ndikufunsira mnzanga wina amene anasiya mwana kwawo osamulemba. Anandiuza kuti mwana amene analipo kale koma sanatchulidwe sangabwere pa viza imeneyo. Pofunsira viza ina akhoza kumutchula, koma adzafunsidwa chifukwa chimene anamubisira poyamba, ndipo akhoza kumukaniza n'kumubweza kwawo.

"Mnzakoyo akaonane ndi loya," anatero, uku akundikankhira kabokosi ka tishu.

Anti ndinawapeza akuvula nsapato za kuntchito. Ndinawafotokozera zimene mlangizi ananena, iwo akumvetsera osatukula mutu.

"Nthawi yathu sizinali choncho."

"Koma anti, munati ndikakhazikika ndidzamutenga."

"Ndinakugwira dzanja polemba? Tamvera iwe, dzina langa lisamveke kumeneko. Ine ndili ndi ana anga pano."

Kosi yanga inali kutha, viza nayonso chimodzimodzi. Kuti ndikhalebe, ndinayenera kupeza malo a dipuloma. Makoleji ankangoyankha kuti malo a ochokera kunja adzaza. Ndinaonda ndi nkhawa. Pomaliza koleji ina inandilandira, ndipo ndinayamba kufunsira viza yatsopano. Funso la ana linali pomwe paja.

Loweruka masana ndinaimbira achemwali pavidiyo. Kwathu kunali m'mawa, anali akuchapa panja. Ndinawauza zonse, n'kunena kuti ndikufuna kuulula, zikavuta ndibwerera.

"Ubwerere kudzatani? Kudzakhala pakhonde panga ndi kasatifiketi kako kaja?"

"Ndikufuna mwana wanga, achemwali."

Anapukuta manja pachitenje, n'kuyandikitsa nkhope pafoni.

"Mwanayu kunasale ndinamulembetsa pa dzina la alamu ako. Atadwala malungo anagona naye kuchipatala ndine. Lero wakula, wasiya kukodza pogona, ndiye ukuti umutengere kwa azungu?" Kenako anatembenuka n'kuitana. "Iwe, bwera kuno, dzapereke moni kwa anti a ku Australia."

M'mbuyomu ndikaimba ankangomuonetsa akusewera kapena akugona, ndipo sindinkadziwa kuti amamuuza kuti ndine ndani. Anabwera atavala diresi imene ndinatumiza, n'kugwada pa simenti yonyowa monga anamuphunzitsira.

"Muli bwanji, anti?"

"Sindine anti. Ndine mayi ako."

Anayang'ana achemwali, n'kubisala kumbuyo kwawo. "Amayi, ndizipita?"

"Pita ukasewere, mwana wanga." Atachoka anandiyang'ana. "Usamuzunguze mutu mwana. Unamukana wekha, ife tinangolera."

"Si inu munati si bodza?"

"Ndipo si bodza. Iwe ulibe mwana."

Ndinakhala ndi laputopu pamiyendo mpaka inatentha. Ndikaulula, akhoza kundibweza, n'kukafikira m'nyumba ya achemwali yomweyo, wopanda ntchito, kudya za alamu, mwana akundigwadira ngati mlendo. Ndikakananso, ndikhala, ndizimutumizira za sukulu ndi madiresi, koma bodza likhala lachiwiri, ndipo sindikudziwa ngati pali loya amene angadzalimasule. Kwa loya sindinapite, ndinkaopa kuti ndikangotsegula pakamwa ndiye kuti ndaulula kale. Ndinalembanso kuti ndilibe.

Viza yatuluka mwezi wathawu. Anti anaphika mpunga ndi nkhuku, kutchalitchi azimayi anandiimbira nthungululu, wina n'kunena kuti tsopano chatsala n'kundipezera mwamuna.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amene munaberekapo, ndiuzeni mosandinyengerera. Ndikanaulula n'kubwerera chimanjamanja kuti mwana azindiona tsiku ndi tsiku, mwina akanadzandizolowera? Kapena ndachita bwino kumusiya kumene ali, kwa amene akuwatcha amayi?