Atelala odula mabuku

Atelala a kuseri kwathu ndi munthu wotopetsa. Ukawadandaulira kuti mutu ukupweteka, amakubwereka buku la nthano. Ukati mtima ukuwawa, amakubwereka awiri. Mawu awo ndi amodzimodzi: "Kaoneni kaye mavuto a ena, anuwo sathawa." Pamakina awo pamakhala mabuku ambiri kuposa nsalu, ndipo zovala za anthu zimachedwa.

Mwamuna wanga atamwalira ndinatha miyezi iwiri osatuluka, makatani ali chitsekere. Atelalawo anabwera osaitanidwa n'kusiya buku pampando. Ndinalitsegula tsiku lachinayi. Linkakamba za mayi wamasiye wokwiyira malemu mwamuna wake, monga ndinkachitira ine mobisa. Ndinalira, penanso n'kuseka. Nkhani itafika pokoma ndinapeza masamba omaliza atadulidwa bwinobwino ndi sizasi.

Ndinasamba, n'kuvala, n'kupita kukawakalipira.

"Bambo, mwawonongeranji buku?"

"Masambawo ali m'dirowamu, mayi," anatero osadzutsa mutu. "Ndimapereka awiri patsiku, kwa wodzatenga yekha."

Ndinayenda masiku asanu ndi anayi ndikunyinyirika njira yonse. Tsiku lakhumi ndinapitanso, masamba atatha kale, ndipo iwo anangondikankhira mpando ngati palibe chimene analakwa.