Thumba Limene Linasowa

Chimene ndimakumbukira koyamba ndi dzanja langa likulowa m'thumba la kabudula wa sukulu n'kupitirira mpaka kukagwira ntchafu. Pakamwa pa thumba panali pomwepo, koma m'kati wina anali atadulamo bwinobwino, osasiya ngakhale kaulusi. Inali nyengo ija mvula itangotha, pamene madzi a mathithi a Mosi-oa-Tunya amachuluka, utsi wake n'kumaoneka uli chiimire ngati wina akutentha tchire lonyowa, ndipo m'mawa kukakhala bata mkokomo wake unkafika mpaka kwathu ku Maramba. Kabudulayo ankanunkha simbi ya makala. Ndinaima pakhomo dzanja lili pantchafu, ndipo ndinadziwa amene anachita zimenezi.

Amayi anali atamwalira. Atate ankagwira ntchito kunjanji, kunyumba ankangopezeka mwa apo ndi apo, ndipo tsiku lina anabwera ndi mkazi wamtali wosalankhulalankhula, Mlozi wa ku Senanga, amene anansi ankamutcha ba Namakau. Ine sindinkawatcha chilichonse. Kunena kuti amayi kunkandiwawa pakhosi, kutchula dzina kukanakhala mwano, choncho ndikafuna kanthu ndinkangotsokomola, moti masabata oyamba ankandimwetsa mandimu. Pa katundu wawo panali chitini cha mabisiketi chomwe munalibe bisiketi. Munali masingano, ulusi, mabatani, kachidutswa ka kandulo ndi lezala lokulungidwa m'pepala. Akatha ntchito ankachiika pamwamba pa kabati, pomwe ine sindikanafikira.

Nkhani ya thumba ndinapita nayo kwa amayi aakulu, mkulu wawo wa malemu amayi, amene ankabwera kuchokera ku Simonga kudzagulitsa mbatata pamsika. Anapisa dzanja m'kabudulamo, nkhope yawo n'kuuma. Anandifunsa ngati chinadulidwa n'chokhacho, ndipo ndinakumbukira kuti malaya a Atate nawonso anafupika kumunsi. Apo anatsitsa mawu. Anati munthu sadula nsalu ya mnzake popanda chifukwa, nsalu imasunga thukuta, ndipo thukuta ndilo limapita kwa sing'anga. Ya Atate inali yowapusitsa, yanga inali yoti ndiiwale amene anandibala. Mwambi uja wakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, umene ena amayamikira nawo alendo, iwo anaunena ngati chenjezo. "Uja mukazi ni wochenjera," anatero. "Uziyang'ana. Ukapeza kamtolo ka nsalu uniuze, niitana abale, iwe nikutenga ku Simonga." Usiku sindinkalota zimenezi, koma masana ndinkayesa kukumbukira nkhope ya Amayi kuti ndione ngati yayamba kufufutika, ndipo ndikamaiyesa kwambiri inkafufutikadi.

Ndinkakhulupirira kuti kamtoloko kali m'chitini, ndipo njira yofikira chitinicho inali imodzi yokha. Ndinatsokomola, n'kunena kuti ndikufuna kuphunzira kusoka. Ba Namakau anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kuganiza kuti andizindikira, koma anangosendera pamphasa. Umu ndi mmene ndinalowera ntchito yosoka: ndinalowa ngati kazitape, ndipo mwa akazitape onse amene ndawerengapo m'mabuku akale a pamsika, palibe wina amene ankadzibaya chala pafupipafupi ngati ine. Anandipatsa chiguduli cha thumba la ufa kuti ndiyambirepo. Ulusi unkakana kulowa pabowo la singano, unkapindika ngati ukundigwadira monyoza. Msoko wanga woyamba unkaoneka ngati mapazi a nkhuku yoledzera masese. Iwo ankautenga, n'kuumasula wonse ndi nsonga ya lezala, n'kundibwezera chiguduli. Anzanga ankadutsa ndi mpira wamapepala akundiitana kuti ba telala, ena kuti mkazi wa ba Namakau, ine n'kumapirira chifukwa ndinkadziona ngati msilikali.

Ndipo umboni unkapezeka tsiku lililonse. Singano ankaipaka m'tsitsi asanayambe kusoka. Ulusi ankaukoka pakandulo. Akamaliza ankauluma ndi mano, milomo ikugwedezeka ngati akunong'oneza nsalu. Tsiku lina batani la malaya anga litathothoka nthawi ya sukulu itakwana, anandilumitsa kamtengo ka machesi asanandisoke ndili chivalire, akuti wosokedwa nsalu ili pathupi ndi maliro okha. Zonsezi ndinkakazitula kumsika, amayi aakulu n'kumagwedeza mutu, n'kundipatsa mbatata yootcha ngati malipiro. Chimene sindinkawauza n'chakuti singano yopaka m'tsitsi inkalowadi mosavuta m'khaki, ulusi wa kandulo sunkapotana, ndipo msoko wanga unali utayamba kuwongoka. Madzulo amenewo, dzuwa likupendeka, fungo la tinsomba ta kapenta tokazinga likuchokera kwa anansi, ndinkapezeka kuti ndaiwala kuzonda, ndikungosoka.

Kamtolo ndinakapeza tsiku lina ba Namakau atapita kumpopi n'kusiya chitini pamphasa. Kanali pansi penipeni, komangidwa ndi ulusi wakuda. Munali tizidutswa ta malaya a Atate, ta khaki wanga, ndi chidutswa chachikulupo cha chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu. Chinali chitenje cha Amayi, chimene ankandifunditsa ndikadwala. Ndinatseka chitini n'kuthamangira kumsika wopanda nsapato.

Amayi aakulu anafika Loweruka masana, atamanga chitenje mwamphamvu, Atate ali kunyumba. Amayi aakuluwo anakana madzi. Anapempha chitini, n'kumasula kamtolo pamaso pa onse. Atate anayang'ana tizidutswato, n'kuyang'ana mkazi wawo, ndipo ndinaona kuti nawonso akayika. Ba Namakau sanadziteteze. Anangondiuza kuti ndikatenge kabudula wa sukulu ndimutembenuze. Nditamutembenuza ndinaona chimene miyezi ingapo m'mbuyomo sindikanatha kuchiona. Kumatako, pamene ndinang'amba pawaya wa mpanda n'kubisa, panali chigamba, chosokedwa ndi timisoko tating'ono ngati mazira a nyerere. Bowolo ndinkadziwa kuti linazimiririka, koma ndinkaliwerengera pa matsenga omwewo. Chigambacho chinali thumba langa. Nsalu yatsopano ikanaoneka patali pa kabudula wosuluka, ndipo kusukulu akanandiseka. Nsalu yofanana naye inali ya kabudula yemweyo basi. Kolala ya malaya a Atate nayo inali ndi chigamba chodulidwa kumunsi kwa malaya omwewo.

Chinatsala chitenje. Ba Namakau anati anachipeza m'bokosi chiswe chitadya, n'kupulumutsa pomwe panatsala. Anachiyala pabondo, n'kuchidula ndi lezala mwa maonekedwe a thumba, n'kundipatsa pamodzi ndi singano. "Nenze kuyembekeza kuti msoko wake uwongoke," anatero m'Chinyanja chawo cholemera. "Asoke yekha. Akaika dzanja azigwira amake."

Ndinasoka thumbalo pomwepo, anthu atatu akuluakulu akundiyang'ana, thukuta likutsikira m'maso. Msoko unakhota pang'ono pangodya, koma tsiku limenelo ba Namakau sanaumasule. Atate anatsokomola, ndipo ndinazindikira kumene ndinatengera chizolowezicho. Amayi aakulu anamwa madzi aja, koma sanapepese. Ponyamuka anandiyang'ana n'kunena kuti kalumo kakuthwa kamameta bwino, komanso kamacheka. Abale sanaitanidwe, ndipo ku Simonga ndinkangopita patchuthi.

Masiku ano ku Maramba palibe mwana amene angayende ndi chigamba, chooneka kapena chosaoneka. Kabudula akang'ambika amagula wina pasalaula, pamsika wa zovala zakale, ndipo luso lobera nsalu m'thumba kuti ulipire kumatako likupita ndi eni ake. Ine sindinakhale telala, koma mabuku anga akathothoka ndimawasoka ndekha, ndipo singano ndimaipakabe pamutu ngakhale tsitsi linandithawa kalekale. Nkhope ya Amayi inafufutikadi, monga zimachitira nkhope zonse zopanda chithunzi, koma maluwa achikasu aja ndikhoza kuwajambula nditatsinzina.

Amayi aakulu anakalamba osasintha maganizo. Nthawi ina ndili bambo wa ana, anandimva ndikunena kuti ndikupita kukaona amayi ku Maramba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Waona? Mankhwala anagwira." Ndinafuna kutsutsa, koma ndinapeza dzanja langa lili kale m'thumba, likusisita nsalu.